Mtima wabwino wokha sukwanira kufufuza mliri

Mliri wa COVID-19 unasiya maofesi a zaumoyo ku America ndi dandaulo lomwe silinathe mpaka pano: anthu odziwa kufufuza kafalidwe ka matenda ndi ochepa. Bungwe la akatswiri a ntchitoyi m'zigawo za dzikolo, Council of State and Territorial Epidemiologists, lomwe ambiri amangoliti CSTE, litawerenga mu 2021 linapeza kuti m'maofesi a zigawo muli akatswiri oposa 4,000, koma pakufunika ena oposa 2,000 kuti ntchito iziyenda bwino. Kupereweraku n'kumene kwakolezera mkangano wokhudza khomo lolowera pantchitoyi, makamaka pulogalamu ya zaka ziwiri yotchedwa Applied Epidemiology Fellowship. Ena akuti zoyenereza munthu kulembera n'zokhwima mopitirira muyeso, moti zikutsekereza anthu akhama pa nthawi yomwe dziko likuwafuna kwambiri. Ine ndili mbali inayo. Lamulo loti wolembera akhale atakhoza kale makosi a epidemiology (maphunziro a kafalidwe ka matenda) ndi biostatistics (masamu osanthula ziwerengero za zaumoyo) a pa digiri yachiwiri lisagwedezeke. Ngati pali pofunika kukonza, akonze njira yoyezera kuti iziona luso lenileni la munthu, koma mlingo wokha usatsike.

Tiyambe ndi kudziwa chomwe tikukanganirana. Pulogalamuyi inayamba mu 2003. Imayendetsedwa ndi CSTE ndi ndalama zochokera ku CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, ndipo inatengera chitsanzo cha Epidemic Intelligence Service, gulu la ofufuza miliri lomwe Alexander Langmuir anayambitsa ku Atlanta mu 1951. Wosankhidwa amatumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo kapena ya mzinda, n'kukhala kumeneko zaka ziwiri akulandira malipiro, pansi pa akatswiri omuyang'anira. Wina amapatsidwa matenda opatsirana, wina umoyo wa amayi ndi ana, wina ngozi ndi kuvulala, wina matenda amgonagona monga shuga ndi khansa, wina mankhwala ozunguza bongo. Kuti alembere, munthu ayenera kukhala ndi digiri ya masitazi ya public health kapena ya epidemiology, kapena digiri ina yapamwamba ya zaumoyo monga ya udokotala wa anthu, udokotala wa ziweto kapena PhD. Digiriyo payokha sikwanira: chikalata cha magiredi chisonyeze makosi angapo a epidemiology ndi kosi ya biostatistics imodzi kapena kuposerapo. Akhale nzika ya America kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika chija amati green card. Asonyezenso kuti cholinga chake ndi kukhazikika pantchito m'maofesi a zigawo ndi a mizinda. Oyesa amaona zonsezi kudzera m'chikalata cha magiredi, CV, nkhani yomwe wolembera amalemba yofotokoza zolinga zake, makalata a aphunzitsi kapena mabwana omuchitira umboni, kenako intaviyu.

Chifukwa changa chachikulu n'chakuti pulogalamuyi si sukulu yoyambira. Ndi ntchito yeniyeni yokhala ndi womuyang'anira pambali. Ku America mphamvu yolamula madokotala ndi malabotale kuti azipereka malipoti a matenda ili m'manja mwa zigawo, osati boma lalikulu ku Washington, ndipo mndandanda wa matenda oyenera kulengezedwa m'dziko lonse amaugwirizana mamembala a CSTE mogwirizana ndi CDC. Choncho ofesi ya chigawo ndi kumene kumamangidwa mfundo zopweteka: kutseka lesitilanti, kuuza anthu kuti asamwe madzi a pampopi osawiritsa, kuletsa ana osabayidwa katemera kupita kusukulu chikuku chikabuka. M'zaka ziwirizo wophunzira amayembekezeka kuunika njira yolondolera matenda ena n'kunena ngati ikugwira bwino ntchito, kutenga nawo mbali pa kafukufuku wa mliri, kusanthula ziwerengero, kulemba lipoti, ndi kukafotokoza zomwe wapeza pamsonkhano wa akatswiri. Palibe pamenepa nthawi yoti wina ayambe kumufotokozera kusiyana kwa anthu omwe angodwala kumene ndi onse omwe ali ndi matendawo. Amapatsidwa fayilo Lolemba, Lachisanu abwana akufuna yankho.

Kuti tione luso lomwe ndikunenali, titenge nkhani yomwe ofufuza miliri ambiri amaphunzirapo, ya phwando la kutchalitchi m'dera la Oswego ku New York pa 18 Epulo 1940. Anthu pafupifupi 80 anadya chakudya chamadzulo, ndipo usiku womwewo ambiri anayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba. Ofufuza anafunsa anthu 75, ndipo 46 mwa iwo anali atadwala. Pagome panali zambiri: nyama ya nkhumba, mbatata, kabichi, buledi, makeke, khofi, mkaka, ayisikilimu wa vanila ndi wa chokoleti. Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Munthu wosaphunzitsidwa amathamangira kwa odwala okha n'kuwafunsa zomwe anadya, ndiye akamva kuti ambiri anadya nyama amaloza nyamayo, kuiwala kuti amene sanadwale nawonso ambiri anadya nyama yomweyo. Wophunzitsidwa amafunsa onse, odwala ndi osadwala, chakudya chilichonse pachokha, n'kuyerekeza. Mwa anthu 54 omwe anadya ayisikilimu wa vanila, 43 anadwala, kutanthauza anthu 80 mwa 100 alionse. Mwa 21 omwe sanamudye, anadwala atatu okha, pafupifupi 14 mwa 100. Palibe chakudya china chomwe chinasiyanitsa magulu awiriwo chomwechi. Tsono ntchito sinathere pamenepo. Atatu odwala osadya vanila aja amafuna kufotokozedwa: mwina anaiwala, mwina sipuni imodzi inalowa m'mbale ziwiri. Ayisikilimu wa chokoleti anaoneka ngati akuteteza anthu, pomwe zoona zake n'zakuti amene sanatenge vanila ambiri anasankha chokoleti. Ndipo kufulumira kwa matendawo, maola ochepa chabe chidyereni, kunkaloza ku poizoni wopangidwa ndi tizilombo m'chakudya chisanadyedwe, zomwe labotale inatsimikiza itapeza staphylococcus mu ayisikilimuyo. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chovuta ndi kudziwa woti ufunse ndani, uyerekeze ndi ndani, ndi nambala iti yomwe ikukunamiza.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yaulemu ndipo iyenera kumvedwa. Amati pali anamwino, oyendera malo odyera ndi olondola anthu okhudzana ndi odwala omwe agwira ntchito zaka khumi kapena kuposa, amadziwa dera lawo khomo ndi khomo, ndipo pa nthawi ya COVID-19 ndi iwo amene anasenza ntchito yolemera. N'chifukwa chiyani mwana wangomaliza masitazi dzulo alowe, iwo atsale panja? Ndikuvomereza kuti anthuwa amadziwa zinthu zomwe kalasi siphunzitsa, monga kalankhulidwe koti mayi wamantha akuuze zoona za komwe mwana wake anagona. Komabe kuzolowera ntchito kumaphunzitsa munthu kuzindikira zomwe anazionapo kale, pomwe mliri wovuta umabwera ndi zomwe sunazionepo. Mu 2008 matenda a Salmonella Saintpaul anagwira anthu pafupifupi 1,500 ku America. Kafukufuku woyamba analoza tomato, boma linachenjeza anthu mu Juni, ndipo alimi a tomato analuza ndalama zambiri. Mu Julaye tizilomboto tinapezeka mu tsabola wa jalapeño ndi serrano wochokera ku Mexico. Vuto linali loti tomato ndi tsabola zimadyedwa limodzi mu salsa, msuzi wa ku Mexico, ndipo munthu amakumbukira tomato wofiira yemwe anamuona, osati tsabola wodulidwa tizidutswa. Ku Germany mu 2011 zinachitikanso chimodzimodzi ndi E. coli yemwe anadwalitsa anthu pafupifupi 4,000 n'kupha oposa 50: akuluakulu a ku Hamburg anatchula nkhaka za ku Spain, koma gwero linali mphukira za mbewu ya fenugreek, zomwe odwala ambiri sankakumbukira n'komwe kuti anadya chifukwa zimangowazidwa pamwamba pa saladi.

Wotsutsa wochenjera adzati: nanga si akatswiri ophunzira omwewo amene analakwitsa? Inde, ndi iwo. Koma taonani mmene cholakwacho chinakonzedwera. Ku Germany ofufuza anasiya kudalira zomwe anthu akukumbukira. Anatenga magulu a anthu omwe anadya pa lesitilanti ina ku Lübeck, anafufuza mbale yomwe aliyense anaitanitsa, kenako anafunsa ophika zomwe zinalowa m'mbale iliyonse. Pamenepo mphukira zija zinaonekera poyera. Ku America anachitanso zofanana, kufufuza magulu a odwala omwe anadya pamalo amodzi ndi kulekanitsa zosakaniza chimodzichimodzi. Njira zimenezi zimachokera m'kumvetsa chifukwa chomwe kafukufuku woyamba angasocheretsere: kuiwala kwa ofunsidwa, kusankha molakwika anthu oyerekezera nawo, ndi zinthu ziwiri zoyendera limodzi zomwe chimodzi chimasenzetsa chinzake mlandu. Zimenezi ndi zomwe zimaphunzitsidwa mozama m'kosi yachiwiri ndi yachitatu ya epidemiology. Ngati ophunzira amapunthwa, kutumiza osaphunzira sikungachepetse kupunthwako.

Mfundo yachiwiri ndi ya kuchepa kwa anthu: ngati pakufunika 2,000, tsegulani khomo. Apa otsutsa amaphonya chomwe chimachepetsa malo. Malo mu pulogalamuyi amatengera ndalama ndi kupezeka kwa oyang'anira, ndipo oyang'anirawo ndi akatswiri omwewo amene tikudandaula kuti ndi ochepa. Katswiri yemwe akuyang'anira matenda a m'mimba m'chigawo chonse akavomera kulandira wophunzira, amayembekeza kuti pakapita miyezi ingapo munthuyo amupeputsira katundu. Akamutumizira munthu woti amuphunzitse kuyambira pa tebulo losavuta loyerekezera odwala ndi osadwala, chaka choyamba chimathera m'kalasi ya muofesi, ndipo chaka chinacho katswiriyo akana kulandiranso wina. Kufewetsa lamulo kumachulukitsa olembera, koma sikuwonjezera mpando ngakhale umodzi. Komanso si zoona kuti khomo ndi limodzi. CDC inakhazikitsanso pulogalamu ina ya zaka ziwiri, Public Health Associate Program, yomwe inkalandira anthu a digiri yoyamba n'kuwatumiza kumaofesi a zaumoyo omwewo. Maofesi a zigawo amalembanso okha antchito olondola matenda popanda kufuna masitazi. Amene akufuna kulowa ntchito ya zaumoyo njira ali nayo. Chomwe sichingatheke ndi kufuna kuti pulogalamu yomwe inakonzedwa kuti inole anthu ophunzira kale isanduke yoyambira onse.

Palinso dandaulo lochokera mbali ina, la madokotala. Ena amaona ngati chipongwe kuti munthu wa digiri ya udokotala afunsidwe za makosi a biostatistics. Ine ndikuti afunsidwe ndithu. Dokotala amaphunzitsidwa kuyang'ana wodwala yemwe ali patsogolo pake, ndipo wofufuza miliri amayang'ana gulu lonse kuphatikizapo amene sanafike kuchipatala. Tiyerekeze kuti pali chipangizo choyezera chomwe chimazindikira odwala 95 mwa 100, ndipo chimanena zoona pa anthu abwinobwino 95 mwa 100. M'chipatala, momwe ambiri obwera ali ndi zizindikiro, chipangizochi n'chodalirika. Tsono chitengereni kumudzi komwe munthu mmodzi yekha mwa 100 ali ndi matendawo, muyeze anthu 1,000. Odwala enieni ndi 10, ndipo chipangizo chigwira 9 kapena 10. Koma mwa abwinobwino 990, pafupifupi 50 chiwanena kuti akudwala. Ndiye kuti mwa anthu pafupifupi 60 omwe apezeka nawo, woona ndi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse. Munthu wosazolowera kuganiza chomwechi akhoza kulengeza mliri womwe kulibe, sukulu n'kutsekedwa, mankhwala n'kuperekedwa kwa anthu osadwala. Ngakhale Epidemic Intelligence Service, yomwe imalandira madokotala ambiri, imayamba ndi kuwakhazika m'kalasi ku Atlanta milungu ingapo mu Julaye asanapite kuntchito. Digiri ya udokotala ndi chuma chachikulu pa kafukufuku, makamaka pogwirizana za zizindikiro zomwe munthu aziwerengedwa nazo kuti ndi wodwala, koma siilowa m'malo mwa maphunziro enawo.

Za makompyuta sindichedwapo. Amati masiku ano mapulogalamu a pakompyuta monga R, SAS kapena Epi Info amawerengera zonse, ndiye kosi ya masamu njachiyani? Kompyuta imawerengera chilichonse chomwe waipatsa. Ukaipatsa mndandanda momwe wodwala mmodzi walembedwa kawiri chifukwa anapita kuzipatala ziwiri, momwe tsiku loyamba kudwala lasokonezeka ndi tsiku lomwe lipoti linafika, kapena momwe malo osadzaza awerengedwa ngati yankho la ayi, idzakupatsa nambala yooneka bwino ndithu, yokhala ndi madesimo atatu. Siidzakuuza kuti odwala asanu ndi ochepa kwambiri kuti umangepo mfundo.

Mfundo yomwe imandivuta kwambiri kuyankha ndi ya ndalama. Masitazi ku America ndi okwera mtengo, ndipo ambiri amamaliza ali ndi ngongole. Lamulo lofuna digiri yachiwiri limakondera omwe anali ndi kothawira, ndipo madera osauka, omwe miliri imawagunda kwambiri, ndi amene ana awo sapezeka pamndandanda wa olembera. Izi n'zoona, ndipo zimapweteka ntchito yeniyeniyo, chifukwa wofufuza wolankhula chinenero cha anthu a m'deralo amamva zambiri kuposa wobwera ndi womasulira. Koma mankhwala a vutoli ndi kulipirira maphunziro a anthu amenewa, makamaka omwe ali kale pantchito m'maofesi a zaumoyo, kuti aphunzire akugwira ntchito. Kuwalowetsa osakonzeka ndi kuwaika pamalo oti alephere pamaso pa anzawo, kenako ena aziti tinanena ife. Pamene ndingagwirizane ndi otsutsa ndi pa dzina la digiri. Ngati namwino wa zaka khumi watenga makosi onse ofunikawo ku yunivesite yovomerezeka n'kukhoza bwino, koma sanamalize pepala la masitazi, sindikuona chifukwa chomveka chomukanira. Chofunika ndi zomwe zili m'chikalata cha magiredi.

Pamenepa ndi pomwe olembera ambiri amagwa, ndipo ndi bwino kunena mosabisa. Anthu awiri akhoza kukhala ndi MPH onse, masitazi ya public health ija, wina anatsata epidemiology, wina kayendetsedwe ka zipatala kapena kuphunzitsa anthu za umoyo. Wachiwiriyu kawirikawiri amakhala ndi kosi imodzi yokha ya epidemiology, yoyambira ija yomwe aliyense amatenga, ndipo amazindikira mochedwa kuti siikwanira. Amene akulingalira zolembera ayambe kuwerenga makosi ake akadali m'chaka choyamba cha masitazi, pomwe angathe kusankha ena owonjezera. Kosi yomwe dzina lake silisonyeza zomwe zili m'kati, mwachitsanzo yongotchedwa njira za kafukufuku, asunge silabasi yake kuti oyesa aone okha kuti munali cohort ndi case-control, zomwe ndi njira zoyerekezera magulu a anthu, komanso confounding, vuto lija la zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Makalata a umboni apemphe kwa munthu yemwe anamuonapo akusanthula ziwerengero, osati kwa pulofesa wotchuka yemwe sangakumbukire nkhope yake. M'nkhani yofotokoza zolinga, amene amalemba za chikhumbo chake chokagwira ntchito ku likulu la bungwe la zaumoyo padziko lonse ku Geneva kapena kukapitiriza PhD amakhala wadzichotsa yekha, chifukwa pulogalamuyi ikufuna anthu okhala m'ofesi ya chigawo. Ndipo malamulo a chaka chomwe akulembera awawerenge yekha mzere ndi mzere, asadalire zomwe anamva kwa amene analembera zaka zapitazo.

Tifike pa za unzika, chifukwa apa ndi pomwe nkhaniyi imakhudza ana athu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe omwe akuphunzira public health ku America pa viza ya ophunzira. Wina amakhoza bwino kuposa anzake m'kalasi, makosi onse ali nawo, koma sangalembere. Zimawawa, ndipo otsutsa amati luso lilibe pasipoti. Komabe pulogalamuyi inakhazikitsidwa ndi cholinga chimodzi, chodzaza maofesi a zigawo ndi anthu oti akhalitse, ndipo imalipiridwa ndi misonkho ya eni dziko. Viza ya ophunzira ndi yakanthawi, ndipo ofesi siingakhale ndi chitsimikizo kuti munthu yemwe yamuphunzitsa zaka ziwiri adzaloledwa kukhala. Lamulo lotere si lachilendo. Dziko lililonse likamalipira maphunziro a antchito a boma limayamba ndi nzika zake, ndipo ife tikanadandaula kwambiri tikanamva kuti malo ochepa a maphunziro a Unduna wa Zaumoyo apatsidwa kwa anthu oti chaka chamawa adzanyamuka. Kunena zoona, sindikhumba n'komwe kuti America itsegule khomo limeneli, chifukwa likanangokhala njira ina yokokera kunja anthu ochepa omwe maiko athu akuwasowa.

Njira ya ophunzira amenewa ilipo kwathu konkuno, ndipo inachokera ku muzu womwewo wa Atlanta. Maphunziro otchedwa Field Epidemiology Training Program, mwachidule FETP, anafika ku Thailand mu 1980, ku Zimbabwe mu 1993, ndipo lero ali m'maiko ambiri a mu Africa molumikizidwa ndi bungwe la AFENET lomwe linakhazikitsidwa mu 2005 ndipo likulu lake lili ku Kampala. Ku Malawi amayendetsedwa kudzera ku Public Health Institute of Malawi, ku Zambia kudzera ku Zambia National Public Health Institute. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti FETP inayankha kale funso lomwe anthu ku America akukangana, poika magawo atatu. Gawo loyamba ndi la miyezi itatu, la antchito a m'maboma: kudzaza mafomu a malipoti molondola, kuunika ngati ziwerengero za zipatala zing'onozing'ono zikugwirizana ndi za m'kaundula, kulemba mndandanda wa odwala, kujambula chithunzi cha mmene mliri ukukwerera tsiku ndi tsiku. Gawo lachiwiri ndi la miyezi isanu ndi inayi. Lachitatu ndi la zaka ziwiri, ndipo m'maiko ambiri limayendera limodzi ndi digiri ya masitazi. Wodziwa ntchito wopanda digiri yapamwamba amayambira pansi n'kumakwera, ndipo gawo lapamwamba silifewetsedwa kuti limulandire asanakonzeke.

Kufunika kwa magawo onse atatuwa tinakuona ndi maso. Mu 2009 ku Neno ndi kutsidya kwa malire ku Tsangano m'dziko la Mozambique kunabuka matenda omwe ankatenthetsa anthu thupi, ena n'kumalephera kuyenda bwino kapena kulankhula. Zizindikirozo zinali zosazolowereka, ndipo zinatengera kafukufuku wolongosoka pamodzi ndi labotale kuti zidziwike kuti ndi tayifodi. Kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inafika m'maboma onse, inadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700. Pa miliri ngati imeneyi woyamba kuona ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi ndi kiliniko ofisa wa pachipatala chaching'ono, ndipo popanda mndandanda wawo wolembedwa bwino katswiri wa ku Lilongwe alibe chogwira. Koma funso loti chifukwa chiyani m'boma lina akumwalira ambiri kuposa lina, kaya ndi kuchedwa kufika kuchipatala, kaya ndi kusowa kwa madzi a m'diripi, kaya ndi kungoti kumeneko odwala pang'ono sakuwerengedwa ndiye chiwerengero cha imfa chikuoneka chachikulu, limafuna munthu wa gawo lachitatu. Mlingo womwe maiko anagwirizana ndi wofufuza miliri wophunzitsidwa mmodzi pa anthu 200,000 alionse, kutanthauza anthu pafupifupi 100 kwa dziko la anthu 20 miliyoni ngati Malawi. Chiyeso chofuna kufika pa nambalayo mwachangu pogawa masatifiketi n'chachikulu, ndipo chiyenera kukanidwa pa chifukwa chomwecho chomwe ndikukanira kufewetsa malamulo a CSTE.

Ngati pali cholakwika m'malamulo olowera, kwa ine n'chakuti amakhulupirira mapepala kwambiri. Giredi ya A pa kosi siitsimikiza kuti munthu angagwire fayilo yauve yochokera kuzipatala khumi, ndipo nkhani yolonjeza kukhalitsa pantchito aliyense angalembe, masiku ano ngakhale kompyuta ikhoza kumulembera. Ndikanakonda kuti pa intaviyu wolembera aliyense, dokotala, wa PhD kapena wa masitazi, apatsidwe ola limodzi ndi mndandanda wa odwala 100 wokhala ndi zolakwika zoikidwa dala: maina obwerezedwa, mwana wa zaka 130, wodwala yemwe walembedwa kuti anachira asanadwale. Auyeretse, anene amene akuwawerenga kuti ndi odwala ndi chifukwa chake, ajambule chithunzi cha mliriwo, awerengere chiopsezo cha zakudya ziwiri kapena zitatu, kenako alembe ndime imodzi yopita kwa mkulu wa zaumoyo wosadziwa masamu, yonena chomwe achite mawa m'mawa ndi chomwe chikudikira zotsatira za labotale. Mayeso amenewa akanathandizanso namwino uja wa makosi onse wopanda pepala la masitazi, chifukwa akanakhala ndi poonetsera zomwe amatha, ndipo oyesa akanakhala ndi chifukwa cholembedwa chomulandirira.